Makutu Atsopano a Bambo

Bambo ake a Mzime anali atanena kale maganizo awo pa nkhani ya Gologolo, ndipo sanali munthu wobwerezabwereza mawu. Mkamwini wodyera m'mwamba sankamufuna pakhomo pawo.

"Munthu amene mapazi ake sakhala pansi, ine ayi," anatero tsiku limene Mzime anayesa kumutchula. Atatero anatembenuza mpando wawo n'kuyang'ana kumsewu, nkhani n'kuthera pomwepo.

Dzina loti Gologolo mnyamatayo anapatsidwa ndi anzake a kuntchito, chifukwa ankakwera nsanja za netiweki ngati anabadwira komweko. Ankamanga ndi kukonza zimbale zimene zimaponyerana mafunde a foni ndi intaneti kuchokera pa nsanja ina kufika pa inzake. Mzime anakumana naye pamene anabwera kudzaika wayifayi m'nyumba ya mashopu momwe iye ankasokeramo zovala. Ntchitoyo inatha m'mawa umodzi, koma munthuyo ankabwerabe "kudzayesa mphamvu ya netiweki", ndipo malo abwino oyesera ankapezeka pafupi ndi makina osokera a Mzime nthawi zonse.

Koma tisawaweruze msanga bambowa. Mwana wawo woyamba, mkulu wake wa Mzime, anakwatiwa ndi munthu wokonza mawaya a magetsi. Tsiku lina mwamunayo anachoka m'mawa akuseka, masana n'kugwa pa polo, n'kufera pomwepo. Mkaziyo anabwerera kwa bambo ake ndi ana awiri ndi sutikesi imodzi. Bambo amene anaona zimenezi ndi maso awo simungawauze za malamba olimba ndi zipewa zachitsulo n'kukumverani. Mzime ankadziwa zonsezi ndipo ankawamvera chisoni, komabe Gologolo ankamukonda. Chimene ankapempha chinali chimodzi chokha, kuti bambo ake alole mnyamatayo kulowa pachipata n'kukhala pampando.

*

Amene ankalowa pachipatapo mosagogoda anali mwini sitolo ya mankhwala ya pakona, munthu wa tayi ndi galimoto yoyera. Mzime ndi mkulu wake ankawatcha a Perefyumu, poti fungo lawo linkafika pakhonde eni ake akadali kumsewu. Sanali munthu woipa. Vuto lawo linali loti ankafunsira mwana podzera kwa bambo, ndipo njira imeneyi ndi yaitali.

Bambo ake a Mzime anagontha ndi makina ocheka matabwa amene anagwira nawo ntchito moyo wawo wonse. Pakhomopo aliyense ankalankhula nawo mokuwa, ngakhale powapatsa moni. Ndiye Lamlungu lina a Perefyumu anatulukira ndi kabokosi, mkati muli timakina tiwiri tovala m'makutu, tating'ono ngati nyemba.

"Iti si takale tija tolira ngati udzudzu, bambo," anatero mokweza. "Tilibe waya. Timalumikizana ndi foni, ndipo mawu mumakweza kapena kutsitsa pa foni pomwepo."

Foni ya bambowo inali ya mabatani, yoti ikagwa imaswa simenti, koma zoterezi sinkazidziwa. Choncho a Perefyumu anapempha ya Mzime. Anaitosatosa nthawi yaitali kuposa momwe ntchitoyo inkafunira, kenaka anaibweza akumwetulira, n'kuwaveka bambowo timakinato.

Mdzukulu wawo wamkazi, amene ankasewera pansi pa tebulo, ananong'oneza amayi ake kuti, "Agogo akuoneka ngati oyendetsa ndege."

Bambowo anatembenuka. "Wati ndege?"

Mwanayo chibadwire, agogo ake anali asanamvepo mawu ake enieni, koma kukuwa kokha. Anamuitana, namukhazika pamiyendo, namuuza kuti anene chilichonse. Mwanayo anatchula mayina a zidole zake, iwo akungogwedeza mutu, maso atadzaza misozi. Pambuyo pake anadandaula kuti wotchi ya pakhoma ndi yaphokoso, nafunsa kuti pompi ya kukhitchini inayamba liti kudontha.

Mzime anathokoza a Perefyumu ndi mtima wonse, chifukwa chimene anachitacho chinali chabwino. Koma mtima womwewo unalemera. Anadziwa kuti mphatso ya mtundu umenewu imakhala pampando m'nyumba ngakhale mwini wake atapita, ndipo kwa Gologolo sananene kanthu.

*

Gologolo sankakonda kulemba. Ankati zala zake zinazolowera sipanala, ndiye pa foni zimadina zilembo ziwiri nthawi imodzi. Madzulo akatsika pa nsanja ankatumiza uthenga wa mawu, wautali, wosakonzekera, nthawi zina wokhala ndi nyimbo pakati. Mzime ankadikira kuti mbale zitsukidwe, n'kukadzitsekera kuchipinda kuti amvere.

Madzulo a tsiku la mphatso lija anadina uthenga, foni osatulutsa mawu. Kamzere kankayenda bwinobwino kusonyeza kuti munthu akulankhula, koma kunali chete. Anakweza mawu mpaka kumapeto. Anadinanso, n'kudinanso. Pakhonde bambo ake anamveka akufunsa kuti, "Kodi pabwera munthu?" ndipo mkulu wake anawayankha kuti ayi, ndi makutu atsopanowo, azolowera.

M'mawa ali kushopu, uthenga womwewo unamveka bwino lomwe. Madzulo kunyumba, chete. M'mawa kushopu, bwino.

"Foni yako ili ndi mwambo," mkulu wake anamuseka. "Ikuopa kulankhula za chibwenzi pakhomo pa bambo. Bwanji osamupatsa katswiri wakoyo aione?"

Apa ndi pamene panali nkhani. Kumupatsa Gologolo foni kunali kumuonetsa maluwa amene a Perefyumu ankatumiza pa foni m'mawa uliwonse, ndi mavesi pansi pake. Mzime sankayankha maluwawo, koma mwamuna wansanje sawerenga mayankho, amawerenga maluwa. Choncho anapeza njira yachidule. Madzulo uthenga ukafika, ankaudina kangapo poyembekezera kuti mwina lero foni ichita chifundo, ikakana ankalemba kuti, "Ndamva. Ugone bwino," ndipo m'mawa ankakamvera kushopu n'kuyankha bwinobwino. Ankaliona ngati bodza laling'ono losapweteka munthu.

Masiku amenewo bambo ake anasintha khalidwe. Madzulo ankakhala pakhonde duu, mutu atapendeketsa ngati nkhuku yomvetsera mvula. Tsiku lina anaseka okha. Tsiku lina anadzuma, n'kulowa m'nyumba osamaliza tiyi. Ana awo ankati ndi chimwemwe cha munthu amene wabwezeredwa dziko.

Kenaka madzulo ena kunafika uthenga wautali kuposa onse. Tsikulo a Perefyumu anali pabalaza, ndipo Mzime ankathamangathamanga ndi makapu. Analowa kuchipinda mwachangu, nadina, foni n'kukhala chete monga mwa masiku onse. Anadinanso kawiri, kenaka analemba mawu ake aja n'kubwerera kwa mlendo.

M'mawa atafika kushopu, asanavule n'komwe nsalu yophimba makina, anatsegula foni. Uthenga uja unali utafufutidwa.

"Wafufutiranji? Unati chiyani?" analemba.

Yankho linabwera dzuwa litakwera. "Munamva kale. Zikomo."

Mzime anayang'anitsitsa mawu oti "munamva". Chikumanirane, Gologolo anali asanamutchulepo kuti inu. Anapsa mtima, ndipo pansi pa mkwiyowo panali mantha. Anaika foni m'dirowa n'kunena mumtima kuti amene wayamba kunyada ndi amene ayambenso kulankhula.

*

Kunyada kwa anthu awiri okondana kulibe wopambana. Masiku anapita, foni ili chete kunyumba ndi kushopu komwe. Mzime anasoka thumba la malaya a munthu chadodolido, n'kuphwasula, n'kusokanso chimodzimodzi. Kunyumba ankadya pang'ono n'kukadzitsekera.

Tsiku lina masana a Perefyumu anabwera kushopu ndi buluku loti lifupikitsidwe, lomwelo limene Mzime analitalikitsa mwezi wathawo.

"Mukuoneka wotopa," anatero, akuyang'ana matepi ndi ulusi ngati akufuna kugula shopu yonse. "Musamadzivutitse ndi anthu oyendayenda. Ndamva kuti ena akumanga kale zikwama."

"Ena ake ati?"

"Okwera m'mwamba aja. Bambo anu ndiwo anditsina khutu. Ine ndimayesa mukudziwa."

Mzime anapinda bulukulo mosamala, nawauza tsiku lodzatenga. Atatuluka, anakhala pansi manja ali lende. Bambo ake ndi Gologolo anali asanapatsanepo ngakhale moni. Nanga za zikwama akanazidziwa bwanji?

Madzulo anamupeza mkulu wake kuseri kwa nyumba akuanula zovala, namuuza zonse, ndi za bodza laling'ono lija.

"Iwe ndi wopusa, mng'ono wanga," anatero mkuluyo mosakweza mawu. "Munthu akukutsanulira mtima, iwe n'kumayankha ngati mlonda wolandira katundu. Mawa upite ukamufune."

"Ayambe ndi iyeyo. Wanditchula kuti inu."

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene sakudya pakhomo pano ndi ndani?"

Kenaka Mzime anafunsa chimene anali asanayerekezepo kufunsa. "Achemwali, inuyo simukuopa kuti zingandichitikire ngati zanu?"

Mkuluyo anapinda malaya a mwana wake pang'onopang'ono. "Ndimaopa tsiku lililonse. Koma wina atabwera lero kuti andichotsere chisoni changa, n'kutenganso zaka zimene ndinakhala ndi bambo a ana awa, ndingamuthamangitse ndi tsache. Bambo amaona tsiku limodzi lija lokha. Ine ndimaona ndi masiku ena onse."

*

Mzime anamupeza Gologolo kuseri kwa sukulu ina, pamene kampani yawo inkakonza nsanja. Anaima patali, dzanja pamphumi, akuyang'ana kadontho kofiira m'mwamba kamene kanali chipewa chake. Mnzake wina amene anali pansi analankhula pa wailesi ya m'manja, ya ovaova ija, kuti kwabwera mlendo wa diresi yobiriwira. Wailesiyo inakhosomola, mawu a Gologolo n'kumveka akuti akutsika. Mzime anaona momwe ankatsikira, akukola ngowe imodzi asanamasule inzake, osathamanga. Mtima unali m'mwamba mpaka nsapato zake zitagunda pansi.

Anakakhala pa benchi ya mayi wogulitsa tiyi pafupi ndi mpanda. Gologolo anavula magolovesi n'kuwaika pakati pawo.

"Mwabwera kudzatsanzika?" anafunsa.

"Usanditchule inu. Ndi zoona kuti ukuchoka?"

"Funso limenelo ndi lachilendo kwa munthu amene anamvera uthenga wanga katatu."

"Sindinamve kanthu."

"Foni imaonetsa, Mzime. Unamvera, n'kundiuza kuti ndigone bwino. Ndinagonadi bwino kwambiri."

Apa Mzime anaona kuti manyazi sangamuthandize. Anafotokoza zonse, kuti foni ikafika kunyumba imasanduka bubu, kuti mauthenga onse ankawamvera m'mawa kushopu, ndi kuti "ndamva" uja anali wongodutsira. Gologolo anamuyang'ana nthawi yaitali. Mkwiyo unali udakalipo, koma munthu wa ntchito yake akamva za chipangizo chochita zachilendo, manja amayabwa.

"Kunyumba kokha?"

"Kunyumba kokha."

"Bweretsa."

Mzime anapereka foniyo ngati akupereka dzino kwa dokotala. Gologolo sanapite ku maluwa aja. Anatsegula pa bulutufu, nayang'ana, n'kumuonetsa dzina lachilendo la zilembo ndi manambala.

"Ichi n'chiyani? Uli ndi sipika kunyumba? Mahedifoni?"

"Ayi. Mwina ndi timakina ta bambo ta m'makutu. Anatilumikiza ku foni yanga kuti ndizitha kuwakwezera mawu."

Gologolo anaika foniyo pa benchi pang'onopang'ono. "Mzime, foni yako ilibe vuto. Ukakhala pafupi ndi timakinato, ngakhale pakati pali khoma, mawu onse a mufoni amapita kumeneko. Anatipangira zimenezo, kuti munthu wosamva azitha kuyankha foni ndi kumvera wailesi popanda waya. Ukapita kushopu mwatalikirana, ndiye foni imalankhula yokha."

Mzime anakumbukira bambo ake pakhonde, mutu uli chopendekera. Anakumbukira kuti uthenga uliwonse ankaudina kangapo.

"Nyimbo zija," anatero Mzime chapansipansi.

"Ndi zija ndinkawatcha bambo ako kuti a Geti," anatero Gologolo, atagwira kumutu. Pang'ono aseke onse awiri, ndipo zikanathera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma mnyamatayo anatenganso foni n'kuyang'ana dzina lija. "Timakina iti si tamasewera. Anagula ndani?"

Mzime anayang'ana m'kapu.

"Wa mankhwala uja," anadziyankha yekha. "Ndipo anagwira foni yako, n'kuilumikiza, iwe osandiuza. Ine wa ntchito yomweyi, amene ndikanakuchenjeza tsiku loyamba."

"Ndinkaopa kuti ukwiya."

"Ndiye taona, sindinakwiye."

"Chonde, ndiuze zimene unanena mu uthenga uja."

Gologolo anavala magolovesi ake. Nkhope yake inali ya munthu wopwetekedwa, osati waukali, ndipo zimenezi zinamupweteka Mzime koposa. "Mawu aja ndinawanena kamodzi, ndipo anandithera mphamvu. Sindingawabwereze pa benchi ya tiyi. Kafunseni bambo anu, ndiwo anamva." Wailesi ya pa lamba wake inaitana, iye n'kubwerera ku nsanja osacheuka.

*

Anafika kunyumba dzuwa likupendeka. Bambo ake anali pakhonde, akumvetsera adzukulu awo akukangana za mpira kuseri kwa mpanda. Mzime anatenga kampando n'kukhala pafupi ndi mapazi awo, monga ankachitira ali mwana. Sanafunikenso kukuwa, ndipo zimenezi zinachititsa nkhaniyo kukhala yovuta kuyamba.

"Bambo, mwakhala mukumva mauthenga anga."

Bambowo sanadzidzimuke. Anayang'ana kumsewu. "Tsiku loyamba ndinkayesa ndayamba misala. Munthu akuimba m'mutu mwanga, ndiponso moipa. Atatchula dzina lako ndi pamene ndinazindikira."

"Bwanji simunanene?"

"Ndikanati chiyani? Kuti mwana wanga, chibwenzi chako chili m'khutu langa?" Anakanda chibwano. "Komanso ndisaname, ndinkafuna ndimudziwe. Munthu akabwera pakhomo amavala jekete ndi mawu obwereka. Uyu ndinamumva osavala jekete. Amanditcha Geti."

"Pepani, bambo."

"Geti ndi chinthu chabwino, chimateteza nyumba." Kenaka anapitiriza kuti, "Tsiku lina anati m'mawa uliwonse amayesa lamba wake kawiri, koyamba chifukwa cha lamulo la kuntchito, kachiwiri chifukwa cha mkulu wako. Tsiku limenelo tiyi anandikanika."

Mzime anafunsa kuti, "Nanga uthenga womaliza uja?"

Bambowo anapuma mozama, ndipo anaunena mwadongosolo ngati munthu amene waubwereza kambiri mumtima. Bwana wa Gologolo ankafuna kumutumiza kutali, ku zipatala zing'onozing'ono kumene namwino amakwera pachulu kuti apeze netiweki. Akakamanga nsanja kumeneko, namwino azitha kuitana ambulansi ali pambali pa wodwala, ndi kufunsa dokotala wa mumzinda pa foni m'malo moyendetsa mayi wodwala ulendo wa tsiku lonse. Inali ntchito ya nthawi yaitali, ndipo bwanayo ankafuna yankho m'mawa mwake.

"Kenaka anati, 'Ukanena kuti ndisapite, sindipita. Ndidzaima pachipata cha bambo ako mpaka adzatope nane. Koma ngati ukuona kuti ndikungokudanitsa ndi abale ako, usavutike n'kufotokoza, ndidzamva ndekha.' Anatero. Ndinamva katatu."

Mzime anaphimba nkhope ndi manja. Pa mawu amenewo iye anayankha kuti munthu agone bwino.

"Munadziwa kuti sindinamve," anatero. "Munadziwa, n'kukhala chete. Mpaka kukauza a kusitolo aja."

"Ndinadziwa. Ndinati apite, nyumba ino ipume. Ndinaika kale mkamwini mmodzi m'manda, ndipo ndinanyamula ndine mkulu wako pamene miyendo inamukanika. Sindikufuna kudzanyamulanso iwe." Anagwira kamakina ka khutu la kumanja. "Koma timakina iti n'toipa, mwana wanga. Timamva ndi zimene munthu sakufuna. Kale ukatseka chitseko chako, kwa ine nkhani inkathera pomwepo. Masiku ano ndimakumva ukulira, ndipo ndatopa nako."

Kuseri kwa mpanda mpira unagunda malata, ana n'kuthawa akuseka. Mzime anawakwiyira bambo ake, ndipo nthawi yomweyo anawakonda kuposa kale.

"Sindinati ndavomera," anapitiriza bambowo. "Ntchito yakeyo ndimadana nayo lero ngati dzulo. Koma munthu amene ndamumvera mobisa chonchi ndiyenera kumuyang'ana m'maso. Muimbire. Ndilankhula naye ndine, abwere akhale pampando apa asanapite kulikonse."

Mzime anafufuza nambala. Anadina, n'kuwapatsa foniyo. Bambowo anaigwira kutsogolo kwa pakamwa ngati mbale ya tiyi wotentha. Kulira kwa foni kunapita m'makutu mwawo, ndipo Mzime anangotsala ndi nkhope yawo yoti aziwerenga.

"Halo," anatero. Kenaka nsidze zinakwera. "Pepani, kapena ndalakwitsa nambala? Ndimafuna mnyamata wa nsanja uja." Anamvetsera. "Oho. Nanga inu ndinu ndani, mayi?" Anamvetseranso, nthawi yaitali. "Mawa lomweli? Nonse awiri?" Anayang'ana pansi. "Ayi, uthenga palibe. Zikomo."

Anabweza foniyo osamuyang'ana mwana wawo.

"Wayankha ndi mkazi. Akuti mwini wake watuluka, wamusiyira foni pamene iye akumulongedzera zovala. Akuti galimoto ya kampani idzawatenga limodzi mawa m'mawa. Nditafunsa kuti ndi ndani, wangoseka, n'kuti mwini wakeyo ndi amene angafotokoze bwino."

Mzime anawayang'ana. Iye sanamve liwu ngakhale limodzi la mkaziyo. Amene anamva anali bambo omwewo amene anabisa uthenga uja, amene ankafuna mnyamatayo apite. Maso amalankhula, ndipo bambowo anaona.

"Uli ndi chifukwa chondikayikira," anatero modekha. Anatulutsa kabokosi m'thumba la malaya, nachotsa kamakina ka kumanzere, kenaka ka kumanja, natiika mkati n'kutseka. "Imba wekha," anatero ndi mawu okwera a munthu amene sakudzimvanso. "Ine tsopano sindikumva."

Mzime anaimirira. Anadziwa kuti kuimbanso kunali kuwauza bambo ake pamaso kuti akhoza kunama, koma kusaimba kunali kumutaya Gologolo kachiwiri chifukwa cha mawu amene sanawamve yekha. Anadina nambala ija n'kuika foni pakhutu. Kwa nthawi yoyamba pakhomopo chibwerere timakina tija, foniyo inalira m'khutu mwake. Mumtima ankapemphera kuti bambo ake akhale atanama.

Inalira kawiri, wina n'kuyankha. Anali mawu a mtsikana, ofewa, osathamanga, a munthu amene wakhala m'chipinda chimene wachizolowera.

"Halo, bambo, mwaiwala china?"

Mzime anadziwa kuti bambo ake sananame. Pampando paja bambo ake ankamuyang'ana nkhope, kabokosi kali m'manja, ndipo anayamba kugwedeza mutu pang'onopang'ono, mwachisoni.